Bampala yakumbuyo ya Hilux ya 1986, ndidule yakaleyi kapena ndipangitse ina?

Hilux86_Dedza:

Moni akuluakulu nonse. Ndati ndifunse kaye ndisanalakwitse chinthu choti sindingadzachibwezenso.

Ndili ndi Toyota Hilux ya 1986, single cab, 4x4, injini ya dizilo ija yotchedwa 2L, ya malita 2.4. Inali ya malemu bambo anga, anatisiya chaka chatha ndiye pachibale tinagwirizana kuti isagulitsidwe, ndiziyendetsa ine poti ndi amene ndatsala pamudzi ndi mayi. Injini ilibe vuto, ngakhale mu June kuno kukazizira imalira bwinobwino bola uziyembekezera kaye ma heater plug. Nkhani yanga ili kumbuyo. Bampala yake ndi yoyambirira ija ya kuromu yokhala ndi popondera pakati, koma mbali ya kumanzere inagwa pang'ono, bambo anagunda chitsa akubwerera mmbuyo kumunda zaka zapitazo, ndiye pano munthu akaponda imagwedera komanso imalira ngati chitsulo chikufuna kuthyoka.

Galimotoyi pamudzi pano ndi ya aliyense. Kukagwa maliro ndi yomweyi, amayi a chigwirizano akamapita kukaona odwala ndi yomweyi, ndipo ambiri ndi achikulire, mawondo anatha. Ndayeza ndi tepi, kuchoka pansi kufika popondera ndi masentimita 58. Sabata yatha mayi ena anzawo a mayi anga tinachita kuwanyamula anthu awiri kuti akwere, anachita manyazi kwambiri ndipo ine zinandikhudza.

Nde ndikufuna zinthu ziwiri. Popondera patsike komanso pakule kuti phazi lonse lizikwana, ndiponso ndiikepo bolo yokokera kangolo kakang'ono koti ndizinyamulira mbatatesi kupita nayo ku Lizulu. Ndinapita kwa wowotcherera wina pa trading, iye akuti adule pakati pa bampala yakaleyi, aikepo chitsulo cha tchanelo, kenako awotcherere zonse ku chasisi penipeni kuti isadzagwederenso mpaka kale. Mtengo wake ndi wabwino koma mtima wanga ukukana. Amene munapangapo zoterezi ndithandizeni, ndiyambire pati?

Wowotcherera_Mchesi:

Achimwene pepani ndi imfa ya bambo. Mtima wanuwo ukukuuzani zoona, musalole kuti ndodo ya welodi ikhudze chasisi cha galimoto imeneyo. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya moto ndipo ndimadya momwemo, koma bampala sitiwotcherera ku chasisi, timamanga ndi mabawuti. Chifukwa chake nchakuti pomwe wawotchapo chitsulo chimasintha, mmbali mwa welodimo ndi momwe mng'alu umadzayambira galimoto ikamagwedezeka mmisewu ya fumbi, ndipo kutenthako kumapsereza penti ya mkati mwa chasisi komwe simungafikeko ndi bulashi, dzimbiri nkuyambira pomwepo. Komanso tsiku lomwe munthu adzakugundeni kumbuyo, bampala yomanga mumangomasula nkuwongola, yowotcherera mudzachita kudula ndi gulainda pa chasisi penipeni.

Musanaganize nkomwe za mapangidwe, masulani kaye yakaleyo muone chomwe chikuigwedeza. Thirani mafuta omasulira dzimbiri pa mabawuti usiku, mawa lake nkumasula, osakakamiza chifukwa manati ena ndi owotcherera mkati mwa chasisi ndipo akathothoka ndi ntchito ina. Mukachotsa, tengani hamala yaing'ono mugogode kunsonga kwa chasisi mbali zonse ziwiri ndi chitsulo chopingasa chakumbuyo chija. Chitsulo chabwino chimalira nge nge, chodyeka chimalira ngati mukugogoda thabwa lonyowa ndipo mkati mumagwa makoko ofiira. Ma Hilux akale amakonda kudyeka malo amenewo chifukwa matope amalowa nkukhala momwemo dzinja lonse. Mwina mupeza kuti yapindika ndi bulaketi yokha, zikatero mwapulumuka.

Tsopano mapangidwe. Ine ndikanakhala inu ndikanapangitsa yatsopano, yakaleyo osaidula. Thupi la bampala gwiritsani paipi ya makona anayi ya mamilimita 100 by 50, yokhuthala mamilimita 3. Imeneyi mita imodzi imalemera pafupifupi makilo 7, pomwe tchanelo cha saizi yomweyo chimafika makilo 10, ndiye mukaonjeza mabulaketi ndi puleti yopondapo muona kuti kusiyana kwake nkwambiri, ndipo kulemera konseko kumakhala kunsonga kwenikweni komwe masipuling'i amakumva kwambiri. Mabulaketi dulani pa puleti ya mamilimita 6 kapena 8. Musayeze ndi maso ayi, tengani katoni, muiike pa chasisi, mudinde mabowo akale aja ndi chala chakuda ndi girisi, mudule katoniyo mpaka ikwane bwinobwino, kenako ndi pomwe mujambule pa chitsulo. Mabowo ake akhale omwewo a ku fakitale. Ngati mpofunika bowo lina, boolani mmbali mwa chasisi chapakati, osati pamwamba kapena pansi pake, ndipo pomwe bawuti ikudutsa mbali zonse ziwiri za chasisi chotsekeka ngati bokosi muikemo kapaipi mkati kuti pomanga chisafinyike. Pakona pomwe bulaketi ikukumana ndi bampala muikepo kachitsulo ka ngodya zitatu, ndi kamene kamanyamula munthu akaponda.

Mabawuti mugule olembedwa 8.8 pamutu. Aja olembedwa 4.6 kapena 4.8 kapena osalembedwa kanthu ndi a mageti ndi mawindo. Ndipo apa tcherani khutu chifukwa ambiri amaonongera pomwepa: mabawuti a Toyota mazinga ake ndi ang'onoang'ono. M12 (bawuti ya mamilimita 12) ya Toyota mazinga ake ndi otalikirana mamilimita 1.25 ndipo mutu wake ndi wa sipanala 17, pomwe M12 ya mu hardware nthawi zambiri ndi ya 1.75 ya sipanala 19. Mukaikakamiza ya mu hardware mu nati ya mkati mwa chasisi imalowa mizere iwiri kenako nkulimba, munthu nkumati ndi dzimbiri, nkuonjezera paipi ku sipanala, basi mazinga atha. Tengani bawuti yakale mthumba popita kogula mukafanizire.

Powotcherera, mangani kaye mabulaketi pa galimoto, mugwirizitse bampala ndi timadontho ta welodi tokha, batire mutachotsa mawaya, nsalu yonyowa mutaphimba mawaya a magetsi akumbuyo ndi mapaipi a dizilo. Kenako masulani zonse mukamalizire pansi kutali ndi galimoto, mbali iyi pang'ono mbali inayo pang'ono kuti chitsulo chisakokeke. Pansi pa paipi boolani timabowo tiwiri kapena titatu ta mamilimita 10 totulutsira madzi, apo ayi idzadyeka kuchokera mkati inu mukuiona yowala kunja. Pakani red oxide, penti yoteteza dzimbiri ija, kawiri, kenako penti yakuda.

China, musanamalize yesani zinthu zitatu izi galimoto ili pompo: chitseko chakumbuyo chitseguke mpaka pansi osagunda, ndodo yotsitsira tayala la sipeya ilowe pabowo lake momasuka, ndipo ekizozi isaloze pa chitsulo. Ndinalandirapo galimoto yomwe bampala yake inali yokongola zedi koma inatseka bowo la ndodo ya sipeya, mwini wake anazindikira tayala litaphulika usiku pa msewu wa M1 ali ndi ana mgalimoto.

Mphwanu_wa_ku_Joni:

Big man, zomwe anena a Mchesi ndi zoona zonse, ine ndingoonjezera za bolo chifukwa pamenepo ndi pomwe pali ngozi yeniyeni. Ndimagwira pa galaja ina kuno ku Johannesburg, timakonza ma bakkie akale ambiri, ma Hilux, ma Nissan 1400, ma Ford Cortina aja a bodi kumbuyo.

Popondera ndi pokokera ndi zinthu ziwiri zosiyana, musaziphatikize. Popondera pamanyamula munthu mmodzi kulemera kwake kukupita pansi basi. Bolo imakokedwa kutsogolo, kumbuyo, mmwamba, pansi, nthawi iliyonse mukaponda buleki kapena kulowa mu dzenje, ndipo ngolo ya mbatatesi si yopepuka, matumba ochepa okha mwadutsa kale theka la tani. Anthu amaona mabampala a ma pickup aku America aja a Ford ndi Chevrolet ali ndi bowo la bolo pakati pa step nkumaganiza kuti bampala iliyonse ingatero, koma aja anawapangira zimenezo ndipo kulemera komwe angakoke kumalembedwa pa bampala pomwepo. Ya kuromu ya Hilux yanuyo chitsulo chake nchopyapyala, mukaboola nkuikapo bolo idzang'ambika ngati chitini. Towbar, chitsulo chokokera ngolo chija, ikhale payokha, chitsulo chake chopingasa chokhuthala, yomangidwa ku chasisi mbali zonse ziwiri ndi mabawuti akeake, bampala nkukhala pamwamba pake. Ndipo ngati mungapeze towbar yopangidwa kale ya Hilux ya mtundu umenewo kwa ogulitsa zida zakale ku Biwi, ndi bwino kuposa yopanga, chifukwa kuno ku South Africa bodi imeneyi anapitiriza kuipanga mpaka zaka za mma 1990 ndiye zida zake zilipo zambiri ndithu.

Bolo yake ikhale ya mamilimita 50, ndi yomwe ngolo zambiri za kuno zimagwiritsa. Ya ku America ya mainchesi awiri ndi 50.8, imaoneka ngati yomweyo koma siyofanana, osasakaniza. Kutalika kwake kuchoka pansi galimoto italemedwa kuzikhala pakati pa masentimita 35 ndi 42 kuti ngolo iziyenda yowongoka. Muikenso pokoletsa tcheni, ngolo ikavuka pa bolo tcheni ndi chomwe chimaigwira kuti isapite kwa anthu oyenda mmbali mwa msewu. Kuno lamulo limati ngolo yopitirira makilo 750 ikhale ndi mabuleki akeake, ndipo ngakhale mutaiwala za lamulo, ganizirani mabuleki a galimoto ya 1986 pa mtsetse ngolo ikukukankhani kumbuyo.

Yakuromuyo chonde musadule. Kuno anthu amaisaka bampala yoyambirira ya galimoto ngati imeneyo, ndipo Hilux yakale yomwe zinthu zake zili momwe inatulukira imalemekezeka kuposa yodulidwadulidwa. Ipukuteni, ipakeni oilo kumbuyo kwake, ikulungeni mchiguduli muisunge mnyumba. Komanso kuwotcherera pa kuromu kapena pa paipi ya galvanised utsi wake ndi poizoni, zoti ukamwa mkaka zimatha si zoona, mnzanga wina anagona masiku awiri akunjenjemera ngati malungo chifukwa cha utsi wa galvanised.

Mayi_wa_geni_Lizulu:

Ine za mabawuti sindizidziwa achimwene koma ma pikapu ndakwera ambiri ndi katundu, ndiye ndikuuzeni za ife okwerafe. Chomwe chimavuta si kutalika kokha ayi. Munthu wavala chitenje, mwendo sungatambasuke ngati wa buluku, ndiye umafuna poponda poyamba pafupi ndi pansi, kenako pachiwiri, komanso pogwira. Pogwira ndi pofunika kwambiri, ma pikapu ambiri umagwira chitseko chakumbuyo chomwe nachonso chikugwedera, kapena umagwira dzanja la mnyamata amene ali mmwamba nkumakukoka ngati thumba. Muwaikire kachitsulo kogwira pakona pa bodi amayiwo, adzakudalitsani.

Ndiye popondapo pasakhale posalala. Nthawi ya mvula matope ofiira aja akamatirira ku silipasi, chitsulo chopentedwa chimaterera ngati sopo. Ine ndinagwapo chagada pa msika anthu akuona, phazi linaterereka pa bampala yonyowa, msana unandivuta mwezi wathunthu osapita ku geni. Ikani chitsulo chija cha timizere totukuka, kapena chokhala ndi mabowo kuti matope azigwera pansi, ndipo makona ake awazungulize bwino asakhale akuthwa, amang'amba zitenje komanso miyendo ya ana.

Koma chimodzi ndikupempheni, mukakonza popondera pabwino anyamata adzayamba kuimapo galimoto ikuyenda. Musadzalole ngakhale ulendo ndi waufupi bwanji.

Madala_Dalaivala:

Mwana wanga, ndayendetsa ma Land Rover ndi ma Hilux mmisewu ya mmidzi zaka zambiri ndisanapume, ndiye pali ziwiri zomwe ndikufuna ndikuchenjeze, china ndisiyana nawo pang'ono a Mchesi.

Choyamba, kutsitsa popondera. Galimoto yakoyo anaikweza dala. Ukatsitsa chitsulo kumbuyo ndi masentimita 15 kapena 20, tsiku lomwe udzatsikire pa kamtsinje kopanda mlatho kapena kudumpha ngalande ya kumunda, matayala akutsogolo akamakwera kumbuyo kumakhala pansi, chitsulocho chidzakola nthaka ndipo galimoto idzalenjekeka matayala akumbuyo akuzungulira mmalere. Ndinazionapo nthawi ya dzinja tili ndi wodwala mgalimoto, tinakumba ndi makasu mpaka mdima. Ndiye bampala isiye pa msinkhu womwe ilipo. Sitepe ya amayiwo ikhale yapayokha, yopinda mmwamba pa hinjesi nkutsekera ndi pini, kapena yochotsa yoti uziisunga kuseri kwa mpando nkuikoleka pofunika pokha. Ukatero wapeza masitepe awiri aja akunena mayi a ku Lizulu, ndipo galimoto sinataye msinkhu wake.

Chachiwiri, kulimba. Anyamata a masiku ano amakonda bampala ngati njanji, ati kuti minibasi ikagunda iphwanyike yokha. Koma mphamvu ya kugundako siisowa, imapita penapake. Bampala ikakana kupindika chimapindika ndi chasisi, ndipo chasisi cha zaka zimenezi chikapindika galimoto imayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, matayala kudyeka mbali imodzi, kuwongola kwake nkovuta. Bampala ya ku fakitale anaipanga yofewerapo kuti izifa ndi iyo. Ndiye puleti ya 8 ija ine ndikuona ngati yachuluka, bulaketi isapose chasisi chomwe yamangidwapo.

Usaiwalenso za COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Nambala puleti izioneka bwino osabisika ndi bolo kapena sitepe, kagetsi kake kaziyaka usiku, ma reflector ofiira akhalepo mbali zonse, ndipo bampala isatuluke kupitirira mulifupi mwa bodi. Zimenezi ndi zomwe amayang'ana, ndipo pa roadblock chindapusa chake chimawawa kuposa mtengo wa kababu.

Bambo ako anaisamala galimotoyo mpaka yafika lero, nawenso uyende nayo bwino.

Wowotcherera_Mchesi:

Madala mwanena zoona ndipo ndavomera, 6 ndi yokwana pa bampala ya popondera pokha, 8 ija ndimaganizira za bolo koma poti towbar ikhala payokha palibe chifukwa. Pa sitepe yopinda ndingoti hinjesi isakhale ya chitseko cha nyumba, apange ya paipi ndi pini ya mamilimita 16, ndipo ikatsika izitsamira pa chitsulo osati kulenjekeka pa pini yokha. Muikenso karabala pomwe imagunda ikapindidwa, apo ayi phokoso lake mu msewu wa fumbi simungalipirire.

Hilux86_Dedza:

Akuluakulu ndabweranso patha masabata atatu, zikomo kwambiri nonse, ndinatsatira ndipo ndikufuna ndikuuzeni momwe zayendera.

Titamasula tinapeza kuti bulaketi ya kumanzere inapindika komanso inang'ambika pa bowo, ndi yomwe imalira ija. Bawuti imodzi inali ya mu hardware ndithu ya sipanala 19, inangolowa theka, kaya anaiika ndani kalekale. Nati yake tinaipititsa tap ya 1.25, kachitsulo kokonzera mazinga, ndipo mwamwayi mazinga anatsalamo okwanira, yagwira. Nditagogoda ndi hamala mbali ya kumanja imalira bwino, koma kumanzere kunsonga kwenikweni kunatuluka dothi louma lodzadza manja awiri ndi makoko a dzimbiri, ndipo pansi pake panali pobooka poti chala chimalowa. Apa ndinaima kaye. Ndinaitengera kwa munthu wina wa ma chasisi ku Lilongwe, anadula podyekapo nkuikapo chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana, nkupopera mafuta oteteza dzimbiri mkati monse. Ndalama yomwe ndinasungira towbar yathera pamenepo, ndiye za ngolo zadikira kaye, mbatatesi ndizinyamula mu bodi momwemo maulendo awiri ngati momwe ankachitira bambo. Ndikaganiza kuti munthu uja akanawotcherera tchanelo pamalo obookawo kenako ine nkukokerapo ngolo, thupi limachita tsembwe.

Bampala yatsopano ndi ya paipi ya 100 by 50, mabulaketi a 6, msinkhu womwewo wakale, pamwamba checker plate, chitsulo cha timizere totukuka chija. Sitepe yopinda taiika chakumanzere kuti anthu azikwerera mbali ya kunja kwa msewu, ikatsika ili masentimita 33 kuchoka pansi, ndipo chogwirira chili pakona pa bodi monga munanenera mayi. Ndodo ya sipeya ikulowa bwinobwino, ndinayesa kawiri. Yakuromu ija ndaipaka oilo, ili mchipinda cha bambo pamwamba pa kabati.

Lamulungu lapitali mayi aja tinawanyamula aja anakwera okha, dzanja limodzi pa chogwirira lina atanyamula buku la nyimbo. Chatsala ndi kagetsi ka nambala puleti, waya wake wakale wafupika ndi masentimita pang'ono, kodi ndilumikize pomwepo ndi solder kapena ndisinthe waya yense kuchokera ku getsi lakumbuyo?

Mphwanu_wa_ku_Joni:

Sinthani yense big man, ndi waufupi, ndipo polumikiza pansi pa galimoto pamalowa madzi nkuchita dzimbiri lobiriwira lija. Mumudutsitse mu kapaipi ka pulasitiki, pomwe akulowa mu chitsulo muikepo karabala kuti asadulike, ndipo earth mumange pa chitsulo chopala bwino osati pa penti. Mabawuti a mabulaketi aja mudzawabwereze ndi sipanala mukayenda maulendo angapo, penti yatsopano ikaphwanyika pansi pa washala amakhwepa pang'ono.